Ed Wynn, Wanthabwala Amene Anayambanso Ntchito Atakalamba: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amene anaonerapo filimu ya Mary Poppins amakumbukira mkulu wina wa mawu onjenjemera, amene akayamba kuseka amayandama m'mwamba mpaka kukagunda kudenga. Ndi ochepa amene amadziwa kuti mkuluyo, Ed Wynn, anali atagwira kale ntchito yoseketsa anthu kwa zaka 60 pamene ankajambula filimuyo, ndiponso kuti pakati pa zakazo anatchuka, anagwa, ndipo anadzukanso. M'munsimu muli mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri okhudza iwo, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufotokoza mwatsatanetsatane.

Kodi Ed Wynn anali ndani?

Anali katswiri wa nthabwala ndi zisudzo wa ku America, amene anabadwira mumzinda wa Philadelphia pa 9 Novembala 1886 ndipo anamwalira ku Beverly Hills, m'chigawo cha California, pa 19 Juni 1966. Ntchito yawo inadutsa m'njira zonse zosangalatsira anthu zimene zinalipo m'masiku awo. Anayambira m'zisudzo zoyendayenda za vaudeville mu 1903, anakwera n'kukhala mmodzi mwa akatswiri a ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo mumzinda wa New York, anamveka dziko lonse pa wailesi, anali m'gulu la oyambirira kuonekera pa wailesi yakanema, ndipo atayandikira zaka 70 anayamba kuchita masewero achisoni amene anadabwitsa ngakhale anthu amene ankawadziwa bwino.

Vaudeville n'chiyani kwenikweni?

Unali mtundu wa chisangalalo umene unafala ku America ndi ku Canada kuyambira cha m'ma 1880 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Munthu akalipira pakhomo, sankaonera sewero limodzi lokhala ndi nkhani yoyambira poyamba mpaka pamapeto ayi, koma ankaona magulu osiyanasiyana akusinthana pasiteji, aliyense kwa mphindi zochepa: oimba, ovina, ochita matsenga, odumpha pazingwe, agalu ophunzitsidwa, ndi anthabwala. Tony Pastor wa ku New York ndi amene amatchulidwa kuti anayambitsa mu 1881 chisangalalo choterechi chopanda zolaula, kuti amayi ndi ana azilowa momasuka. Pambuyo pake B. F. Keith ndi Edward Albee anamanga nyumba za zisudzo m'mizinda yambiri ya kum'mawa, pamene kumadzulo kunali nyumba za Orpheum zoyendetsedwa ndi Martin Beck.

Ochita zisudzo ankayenda pa sitima yapamtunda kuchoka mzinda uno kupita wina, sabata ndi sabata. M'nyumba zapamwamba ankaonekera kawiri patsiku, pamene m'nyumba zazing'ono ankabwereza kangapo mpaka usiku. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti wanthabwala ankatha kukhala ndi kachigawo kake kamodzi ka mphindi zochepa n'kumakanola kwa zaka, popeza mzinda uliwonse unali ndi anthu atsopano amene anali asanakaonepo. Usiku uliwonse ankamva ndi makutu ake pamene anthu aseka ndi pamene akhala chete, ndipo mawa lake ankasintha. Sukulu ya a Wynn inali imeneyi. Nyumba yolemekezeka koposa inali Palace ya ku New York, ndipo iwo anali m'gulu la amene anaonekera pa sabata yotsegulira nyumbayo mu Malichi 1913.

Kodi dzina lakuti Ed Wynn linali lawo lobadwa nalo?

Ayi. Dzina lawo lenileni linali Isaiah Edwin Leopold. Anabadwira m'banja la Chiyuda, ndipo bambo awo, amene anachokera ku Bohemia, anali ndi bizinesi yopanga ndi kugulitsa zipewa. Makolo ankayembekezera kuti mwana wawo adzapitiriza bizinesiyo, koma iye anathawa pakhomo ali mnyamata n'kukalowa gulu la zisudzo. M'masiku amenewo ntchito ya pasiteji inkaonedwa ngati yonyozetsa banja laulemu wake, choncho mnyamatayo anagawa pakati dzina lake lachiwiri lija, Edwin, n'kukhala Ed Wynn, kuti dzina la Leopold lisaoneke pa zikwangwani. Zipewa zokha sanazisiye. Pa moyo wawo wonse anasonkhanitsa zipewa zoseketsa mazanamazana, ndipo sankakwera pasiteji opanda chimodzi pamutu.

Ankaseketsa anthu motani?

Nthabwala zawo zinali zoona ndi maso kuposa zomva ndi makutu. Ankatulukira atavala chikhoti chachikulu chosawakwana, kachipewa kakang'ono pamutu, magalasi ozungulira, ndi nsapato zikuluzikulu zimene anapitiriza kuzisoketsa kwa zaka zambiri m'malo mogula zina. Manja awo sankakhazikika, ankangogwedezeka m'mwamba, lilime linkamveka ngati likukodwa m'mano, ndipo nthawi zambiri ankayamba okha kuseka nthabwala asanaimalize n'komwe.

Chimene anthu ankachikonda kwambiri ndi zipangizo zimene ankati azitulukira. China chinali chodyera chimanga chophika: chimangacho ankachimangirira pa makina otayipira, munthu n'kumakukuta chikuyenda chokha cham'mbali, ndipo mzera ukatha kabelu kankalira. Panalinso magalasi okhala ndi timawaipa tonga ta galimoto, oti azipukuta madzi a chipatso akathovukira m'maso. Chotchuka koposa chinali piyano yomangidwa pa njinga, imene iwo ankapalasa mozungulira siteji uku akuiimba, woimba wamkazi atakhala pamwamba pake. Ankazionetsa zonsezi ndi mtima wa mwana amene akukhulupiriradi kuti wathandiza dziko.

Munthu amene ankamusewerayo anali chitsiru, koma chitsiru chopanda njiru. Sankanyoza oonera, sankatukwana, ndipo ankanyadira kuti kholo likhoza kubwera ndi ana ake osaopa kumva zochititsa manyazi. Sewero lawo la mu 1921 linkatchedwa The Perfect Fool, ndipo dzinali linawakanirira mpaka imfa. Ife tikuona kuti kufatsa kumeneku ndi kumene kunadzawapulumutsa pambuyo pake, monga tifotokozere m'munsimu pa funso la masewero achisoni.

Kodi n'zoona kuti W. C. Fields anawamenya pasiteji?

Nkhaniyi imasimbidwa m'mbiri ya onse awiri. A Wynn analowa m'masewero a Ziegfeld Follies mu 1914, ndipo chaka chotsatira anakumana kumeneko ndi wanthabwala mnzawo W. C. Fields, amene anali ndi chigawo chake chotchuka chosewera pa tebulo la pool. Usiku wina Fields anadabwa kumva anthu akuseka pamalo amene sankayenera kuseka, ndipo atasuzumira anapeza a Wynn atabisala pansi pa tebulo akupanga nkhope zoseketsa. Akuti anawagogoda pamutu ndi ndodo yosewerera mpaka anakomoka, oonera n'kumaseka poganiza kuti zinali zokonzeratu. Nkhaniyi imasonyeza m'mene anthu a ntchitoyi ankatetezera kuseka kwa oonera, chifukwa kuseka kumeneko ndi kumene kunkaonetsa mwini nyumba woyenera kumulembanso ntchito.

N'chifukwa chiyani anayamba kudzilembera ndi kudzikonzera okha masewero?

Anakakamizika. Mu Ogasiti 1919, bungwe la ochita zisudzo la Actors' Equity linaitanitsa sitiraka. Madandaulo anali omveka: anthu ankayeserera sewero kwa masabata ambiri osalipidwa, ena ankadzigulira okha zovala za pasiteji, ndipo sewero likalephera kutali ndi kwawo ankasiyidwa komweko opanda ndalama yobwererera. Sitirakayo inatha mwezi wathunthu, inatseka masewero oposa 30, ndipo inafalikira ku Chicago, ku Boston ndi mizinda ina mpaka eni nyumba za zisudzo anagonja n'kulivomereza bungwelo.

A Wynn pa nthawiyo ankalandira malipiro apamwamba m'sewero la abale a Shubert, eni nyumba zambiri za zisudzo, ndipo analibe dandaulo laokha, komabe anatuluka limodzi ndi anzawo olandira zochepa n'kumalankhula poyera m'misewu. Eni sewero atakatenga chiletso kukhoti choti asakwere pasiteji pa chisangalalo chopezera ndalama za onyanyala ntchito, iwo anaimirira pakati pa mipando ya oonera n'kuchitira pomwepo nthabwala zawo zonse, chifukwa chiletsocho chinangotchula siteji. Sitiraka itatha, eni nyumba akuluakulu anagwirizana zosawalembanso ntchito. Apa ndi pamene anaika ndalama zawo, n'kulemba, kukonza ndi kutsogolera okha Ed Wynn's Carnival mu 1920, kenako The Perfect Fool mu 1921 ndi The Grab Bag mu 1924. Onsewa anayenda bwino, moti amene anawatsekera khomo aja anadzayambanso kuwafuna.

Nanga wailesi inawathandiza kapena inawapweteka?

Inachita zonse ziwiri. Mu 1922 anaulutsa The Perfect Fool pa wailesi ya WJZ ku Newark, pa nthawi imene wailesi inali isanazolowereke. Zimasimbidwa kuti ataima patsogolo pa maikolofoni m'chipinda chopanda anthu anasowa mtengo wogwira, mpaka anachita kuitana ogwira ntchito pamalopo kuti akhale pansi aziseka. Kuyambira pamenepo sankavomera kuulutsa mawu popanda oonera.

Mu 1932 kampani ya mafuta ya Texaco inawalemba kuti azitsogolera pologalamu yotsatsa petulo wake wotchedwa Fire Chief. Ankavala chipewa cha mkulu wa ozimitsa moto, ankasintha zovala pakati pa pologalamu ngakhale kuti omvera kunyumba sankawaona, ndipo ankacheza ndi muulutsi Graham McNamee, amene ankalephera kudziletsa kuseka. Pologalamuyo inali pakati pa zomvedwa kwambiri m'dzikomo mpaka inatha mu 1935. Komabe wailesi inali ndi njala imene vaudeville inalibe: nthabwala imene kale inkadyetsa munthu zaka zambiri tsopano inkatha usiku umodzi, popeza dziko lonse linkaimva nthawi imodzi.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinali bizinesi. Mu Seputembala 1933 anatsegula kampani yawo youlutsa mawu, Amalgamated Broadcasting System, pofuna kupikisana ndi NBC ndi CBS komanso kupezera ntchito anzawo a zisudzo amene ankavutika pa nthawi ya kugwa kwa chuma. Kampaniyo inangokhala masabata asanu okha. Anataya chuma chambiri, anadwala matenda a nkhawa, ndipo mu 1937 ukwati wawo woyamba unatha. Anabwerera ku Broadway chaka chomwecho ndi sewero la Hooray for What!, kenako Boys and Girls Together mu 1940, koma kutchuka kwa pa wailesi kuja sikunabwererenso.

N'chifukwa chiyani mafilimu awo oyamba sanatchuke?

Anajambula Rubber Heels mu 1927, Follow the Leader mu 1930 ndi The Chief mu 1933, ndipo palibe imene inafika pa mbiri yawo ya pasiteji. Chifukwa chake n'chofanana ndi cha pa WJZ chimene tatchula pamwambapa. Luso lawo linkadalira anthu amoyo amene akupuma nawo mpweya umodzi, ndipo kamera siiseka. Kuwonjezera apo, magwedezedwe a manja ndi nkhope amene ankakonzedwa kuti afike kwa munthu wokhala mpando wakumbuyo kwenikweni ankaoneka opitirira muyeso akakuzidwa pa chinsalu cha kanema.

Anachita chiyani pa wailesi yakanema?

Anali mmodzi mwa oyambirira, moti anaonekera pa kuulutsa koyeserera kwa NBC mu Julayi 1936. Pologalamu yawo yeniyeni, The Ed Wynn Show, inayamba pa CBS mu 1949, ndipo imakumbukiridwa chifukwa inkachokera ku Los Angeles pa nthawi imene mapologalamu akuluakulu onse ankachokera ku New York. Nthambo zolumikiza mbali ziwiri za dzikolo zinali zisanamalizidwe mpaka 1951, choncho akamaulutsa pompopompo kumadzulo ankaloza kamera ya filimu pa galasi la kanema n'kujambula chithunzicho, ndipo filimuyo, yotchedwa kinescope, inkatumizidwa kum'mawa kukaonetsedwa patapita masiku. Chithunzi chake chinkakhala chosaoneka bwino, koma n'chifukwa cha njira imeneyi kuti zigawo zina zilipobe lero.

Pakati pa alendo awo panali Buster Keaton, wanthabwala wa mafilimu opanda mawu amene anthu anali atayamba kumuiwala, gulu la Three Stooges, komanso Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz asanayambe pologalamu yawo yotchuka. Mu 1950 a Wynn analandira mphoto ya Emmy, imene imaperekedwa kwa akatswiri a pa wailesi yakanema. Ngakhale zinali choncho, pologalamuyo inangokhala nyengo imodzi. Anasamukira ku NBC, komwe ankasinthana sabata ndi Jimmy Durante, Danny Thomas ndi Jack Carson pa Four Star Revue, koma pofika chapakati pa zaka za m'ma 1950 oonera anali atatembenukira kwa anthabwala ovala suti, olankhula za moyo wa tsiku ndi tsiku. Mkulu wa chipewa choseketsa ankaoneka wachikale, ndipo mafoni owaitanira ntchito anasiya kulira.

Zinatheka bwanji kuti wanthabwala wotere ayambe masewero achisoni?

Amene anawakankha ndi mwana wawo Keenan Wynn, amene pa nthawiyo anali atakhazikika kale m'mafilimu. Iye anawalangiza kuti m'malo mopuma pa ntchito avule zovala zoseketsa zija n'kuyesa kusewera munthu wamba. Bambo akewo anachita mantha, ndipo mantha awo anali omveka, chifukwa kwa zaka zoposa 50 anali asanaimepo pamaso pa anthu popanda chipewa, nsapato zija ndi kaseko kawo kobisalamo.

Mwayi woyamba unabwera mu filimu ya The Great Man ya mu 1956, imene anatsogolera José Ferrer. Anawapatsa gawo lalifupi la mwini kawailesi kakang'ono ka kutauni yakumudzi, amene akufotokozera mtolankhani m'mene anathandizira mnyamata wina amene anadzatchuka pambuyo pake, ndi m'mene mnyamatayo anabwezera zoipa. Pafupifupi chigawo chonsecho ndi munthu mmodzi akulankhula modekha, ndipo a Wynn anachisewera popanda kukometsera kulikonse. Oonera anaona nkhalamba yaulemu, yopwetekedwa mtima koma yosasunga chakukhosi.

Tikayang'anitsitsa, kusinthaku sikunali kwakukulu monga kunkaonekera. Chitsiru chawo cha pasiteji chinali munthu wosalakwa amene dziko likumupitirira, ndipo nkhalamba zimene anadzasewera zinali munthu yemweyo atavula chikhoti. Kudziwa nthawi yoyenera kuima kaye, kudikira, ndi kumvetsera mnzako akamalankhula, zonsezi anaziphunzira m'nyumba za vaudeville. Chimene anafunika kuphunzira chinali chimodzi, ndipo chinali chovuta: kupirira anthu akakhala chete, osathamangira kuwaseketsa.

Chinachitika n'chiyani pa sewero la Requiem for a Heavyweight?

Ili ndi funso limene limafunsidwa kwambiri, ndipo m'pake. Seweroli analemba ndi Rod Serling, ndipo linaulutsidwa pompopompo pa CBS pa 11 Okutobala 1956, m'pologalamu ya Playhouse 90, motsogozedwa ndi Ralph Nelson. Nkhani yake ndi ya wankhonya wina, amene anasewera ndi Jack Palance, yemwe dokotala wamuletsa kumenyanso chifukwa akhoza kuchita khungu. Keenan Wynn anasewera manejala wake amene wamudyera masuku pamutu, ndipo Ed Wynn anasewera Army, mkulu wosamalira wankhonyayo ndi kumutsuka mabala pakona, munthu amene amamukonda popanda kuyembekezera phindu.

Masiku oyeserera anali owawa. A Wynn ankaiwala mawu, ndipo akaiwala ankathawira ku chizolowezi chawo chakale, kaseko kaja ndi nthabwala yongopeka pomwepo, pakati pa chigawo chofuna misozi. Tiyenera kukumbukira kuti sewero la mphindi 90 loulutsidwa pompopompo lilibe mwayi wobwereza; cholakwika chilichonse chimalowa m'nyumba za anthu mamiliyoni nthawi yomweyo. Akuluakulu a pologalamu anafika poganiza zowachotsa, ndipo mwakachetechete anauza Ned Glass, amene anali ndi gawo laling'ono m'seweromo, kuti aphunzire mawu a Army n'kukhala chire. Jack Palance anaopseza kuti mkuluyo akachotsedwa nayenso achoka. Amene anali pamoto kwambiri ndi Keenan, popeza ndi iye anawakopa bambo ake, ndipo tsopano ankaona kuti mwina awachititsa manyazi pamaso pa dziko lonse.

Usiku wa kuulutsa utafika, a Wynn sanaphonye. Anasewera Army motsitsa mawu, mwachifundo, ngati munthu amene waona anyamata ambiri akutha m'bwalo la nkhonya. Anali atatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 70. Seweroli linapata mphoto zingapo za Emmy, kuphatikizapo za Serling, Palance ndi Nelson, ndipo dzina la a Wynn linalowa pa mndandanda wa opikisana. Nkhani ya masiku oyeserera aja inakhudza Ralph Nelson kwambiri moti mu 1960 anaisandutsa sewero lina la pa kanema, The Man in the Funny Suit, m'mene bambo ndi mwana anasewera monga iwo eni, pamodzi ndi Serling ndi Ned Glass. Pamafunika mtima waukulu kuti munthu wotchuka avomere kubwerezanso pamaso pa anthu masiku amene ankalephera, ndipo iwo anavomera.

Kodi analandirapo mphoto ya Oscar?

Sanalandire, koma anasankhidwa kupikisana nawo kamodzi, chifukwa cha filimu ya The Diary of Anne Frank ya mu 1959, imene anatsogolera George Stevens. Anasewera Albert Dussel, dokotala wa mano amene anabisala ndi banja la a Frank m'chipinda chobisika ku Amsterdam pothawa chipani cha Nazi. Dussel ndi dzina limene Anne anamupatsa m'zolemba zake. Munthu weniweniyo anali Fritz Pfeffer, amene anadzafera kundende ya Neuengamme mu 1944. Gawoli silokondweretsa, chifukwa Dussel ndi munthu wodandauladandaula, wamantha, wokangana ndi mtsikana wamng'ono pa nkhani ya tebulo lolembera. A Wynn sanamusandutse wokoma, koma anaonetsa kuti kuvuta kwakeko kunkachokera ku mantha ndi kusungulumwa. Mphotoyo inapita kwa Hugh Griffith wa mu Ben-Hur, pamene Shelley Winters, mnzawo wa mufilimu yomweyo, anapambana kumbali ya amayi.

Ndiye kuti nthabwala anazisiyiratu?

Ayi ndithu. Zaka 10 zomaliza za moyo wawo ankachita zonse ziwiri, ndipo nthawi zina m'sewero limodzi. Chitsanzo chabwino ndi chigawo cha The Twilight Zone cha mu 1959 chotchedwa One for the Angels, chimene Rod Serling analemba poganizira iwo. Amasewera wogulitsa timalonda m'mbali mwa msewu amene Imfa yamubwerera. Atainyengerera kuti imusiye, Imfayo ikusankha kutenga kamtsikana ka pafupi m'malo mwake pakati pa usiku, ndipo mkuluyo akutsegula chikwama chake n'kuyamba kuitsatsa mataye ndi ulusi mwaluso lonse limene ali nalo, mpaka ola likudutsa Imfa ili kalikiliki kugula. Mwana akupulumuka, ndipo mkuluyo akunyamuka nayo mwa kufuna kwake.

Kumbali ya zoseketsa, nyumba yawo inali kampani ya Walt Disney. Ubalewu unayamba ndi Alice in Wonderland mu 1951, m'mene anapereka mawu a Mad Hatter, munthu wa zipewa, gawo loyenera mwana wa wopanga zipewa. Ojambula zithunzi anayamba awajambula iwo pamodzi ndi Jerry Colonna akusewera chigawo cha tiyi kuti atengere mayendedwe awo, ndipo zambiri zimene anapeka pomwepo zinalowa mufilimu. Kenako anaonekera mu The Absent-Minded Professor mu 1961 monga mkulu wa ozimitsa moto, pokumbutsa anthu za masiku a Texaco, mu Babes in Toyland chaka chomwecho, mu Mary Poppins mu 1964 monga Uncle Albert, ndi m'mafilimu ena angapo. Yomaliza, The Gnome-Mobile, inatuluka mu 1967 iwo atamwalira kale.

Banja lawo linali lotani?

Anakwatira katatu, ndipo maukwati onse anatha. Mkazi wawo woyamba, Hilda Keenan, amene anamukwatira mu 1914, anali mwana wa katswiri wa zisudzo Frank Keenan, ndipo ndi amene anabereka mwana wawo yekhayo, Keenan, mu 1916. Keenan anakulira mumthunzi wa dzina la bambo ake, ndipo anasankha dala njira yosiyana, yosewera anthu okhwima ndi aukali m'mafilimu ambirimbiri mpaka imfa yake mu 1986. Za m'mene ntchito inawayandikizira awiriwa atakula, onani mayankho awiri a chaka cha 1956 pamwambapa. Mdzukulu wawo Tracy Keenan Wynn anadzakhala mlembi wa mafilimu.

Kodi anzawo a vaudeville anayenda njira yofananayo?

Ambiri sanathe. Mafilimu olankhula atayamba mu 1927, nyumba za zisudzo zinayamba kusanduka zoonetseramo kanema, ndipo mu 1932 ngakhale Palace inasiya dongosolo lake lakale. Anthu zikwizikwi amene ankadalira kachigawo kamodzi anasowa kolowera. Amene anapulumuka ndi amene anatha kusintha. Jack Benny, Bob Hope ndi George Burns anakhazikika pa wailesi chifukwa nthabwala zawo zinali za pakamwa. Milton Berle anatchuka pa kanema kuyambira 1948 mothandizidwa ndi Texaco yomwe ija. William Frawley anapeza moyo watsopano mu 1951 monga Fred Mertz pa I Love Lucy.

Oyandikana kwambiri ndi a Wynn ndi awiri. Bert Lahr anadabwitsa anthu ku Broadway mu 1956, chaka chomwecho cha Requiem, posewera mu Waiting for Godot ya Samuel Beckett. George Burns analandira Oscar ali ndi zaka 80 chifukwa cha The Sunshine Boys ya mu 1975, koma iye ankasewera wanthabwala wakale wa vaudeville, munthu wofanana naye. A Wynn anachita kusiya chilichonse chimene anthu ankawadziwira, ndipo m'maganizo mwathu ulendo wawo ndi umene unali wautali.

Anamwalira bwanji?

Anamwalira ndi khansa ya kummero ali ndi zaka 79, akugwirabe ntchito mpaka miyezi yomaliza. Anaikidwa ku manda a Forest Lawn ku Glendale. Ali ndi nyenyezi zitatu pa msewu wa akatswiri wa ku Hollywood, ya mafilimu, ya wailesi ndi ya wailesi yakanema, ndipo mu 2013 kampani ya Disney inawaika m'gulu la anthu ake olemekezeka.

N'chifukwa chiyani mawu awo amamveka ngati odziwika ngakhale kwa amene sanawaonepo?

Chifukwa akhala akutsanziridwa m'makatuni kwa zaka zambiri. Chitsanzo chimodzi ndi King Candy wa mufilimu ya Wreck-It Ralph ya mu 2012, amene Alan Tudyk anamupatsa mawu potengera a Wynn.

Munthu wofuna kuona luso lawo ayambire pati?

Ayambe ndi chigawo chilichonse cha The Ed Wynn Show cha mu 1949 kapena 1950, ngakhale chithunzi chake n'chosaoneka bwino, chifukwa m'menemo angaone zipewa, zipangizo ndi macheza awo ndi oonera monga zinkakhalira pasiteji. Akatero aonere Requiem for a Heavyweight ya pa kanema ya mu 1956. Asaisokoneze ndi filimu ya dzina lomwelo ya mu 1962, m'mene gawo la Army anasewera ndi Mickey Rooney ndipo wankhonya anali Anthony Quinn. Kuonera ziwirizi motsatizana n'kofunika, popeza munthu amene sanaone kaseko kaja sangadziwe chimene mkuluyo akudziletsa pamene Army wangokhala chete pakona, thaulo lili paphewa, akumvetsera dokotala. The Great Man ndi yovutirapo kuipeza, koma chigawo chawo m'menemo n'choyenera kuchifunafuna.